Mmene mungayambire kusonkhanitsa zidole zakale za Star Wars osapusitsidwa ndi zachinyengo

Filimu yoyamba ya Star Wars itayamba kuonetsedwa ku America pa 25 Meyi 1977, m'masitolo munalibe chidole ngakhale chimodzi cha anthu a m'filimuyo. Kampani ya Kenner ya mumzinda wa Cincinnati, imene inali ndi chilolezo chopanga zidolezo, inafika nyengo ya Khirisimasi isanamalize kuzipanga, choncho inagulitsa envelopu ya katoni yotchedwa Early Bird Certificate Package, mmene munali chikalata cholonjeza kuti mwana adzalandira zidole zinayi pa positi chaka chotsatira, zomwe zinali Luke Skywalker, Princess Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Makolo anagula mbereko mwana asanabadwe, koma lonjezolo linakwaniritsidwa mu 1978, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpaka 1985 panagulitsidwa zidole zoposa 300 miliyoni za mitundu pafupifupi 100.

Chiwerengero chimenechi n'chofunika kuchikumbukira musanatulutse ndalama iliyonse. Chinthu chimene chinapangidwa chochuluka chonchi sichingakhale chosowa, ndipo zidole zambiri za nthawi imeneyo zikupezekabe pa mtengo umene munthu wamba angakwanitse. Chimene chikusowa ndi chidole chimene chili ndi zake zonse, chimene utoto wake ndi wa ku fakitale, mfuti yake ndi yeniyeni, ndiponso palibe amene anachikonzakonza n'cholinga chobisa zilema zake. Motero ntchito yaikulu ya wosonkhanitsa ndi kuphunzira kusiyanitsa chenicheni ndi chopangidwa pambuyo pake, chifukwa munthu amene alibe luso limeneli amataya ndalama zambiri ngakhale atakhala wosamala pa zina zonse.

Yambani ndi kuika malire

Zidole za Star Wars zimene zatuluka kuyambira 1978 mpaka lero ndi zambirimbiri, ndipo palibe munthu amene angazipeze zonse. Osonkhanitsa akamanena za zidole zakale, zimene amazitcha vintage, amatanthauza zimene Kenner inapanga kuyambira 1978 mpaka 1985, zazitali pafupifupi mainchesi 3.75, amene ndi masentimita pafupifupi 9.5. Msinkhu waung'ono umenewu unasankhidwa kuti ndege ndi magalimoto a zidolezo asakhale aakulu kwambiri komanso okwera mtengo, ndipo unasintha kapangidwe ka zidole zamtunduwu kwa zaka zambiri. Zidole 12 zoyamba zinali Luke, Leia, R2-D2, Chewbacca, C-3PO, Darth Vader, Stormtrooper, Ben Kenobi, Han Solo, Jawa, Sand People ndi Death Squad Commander. Zina zinawonjezedwa mu 1979, kenako zinatsatira za filimu ya The Empire Strikes Back ya mu 1980 ndi za Return of the Jedi ya mu 1983, ndipo gulu lomaliza linatuluka mu 1985 ndi dzina lakuti Power of the Force, chidole chilichonse chili ndi kachitsulo kozungulira konga ndalama.

Munthu woyamba kumene angachite bwino kusankha gawo limodzi n'kukhazikika pomwepo. Ena amafuna zidole 12 zoyambazo basi, ena amasankha munthu mmodzi wa m'filimu, monga Boba Fett, n'kumafufuza mitundu yake yonse, pamene ena amatsata zidole zopangidwa kapena kugulitsidwa m'dziko limodzi. Mbali yomalizayi ndi yotakata kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti ku Britain zidolezi zinkagulitsidwa ndi kampani ya Palitoy ya ku Coalville, ku France ndi Meccano, ku Mexico ndi Lili Ledy, ku Australia ndi Toltoys, ku Japan ndi Takara, ndipo ku Brazil ndi Glasslite, ndipo makampani ena mwa amenewa ankagwiritsa ntchito pulasitiki, utoto kapena nsalu zosiyana ndi za ku America. Malangizo anga ndi akuti muyambe ndi zidole zochotsedwa kale m'mapaketi, zimene pamsika zimatchedwa loose, makamaka za The Empire Strikes Back ndi Return of the Jedi, chifukwa n'zochuluka, n'zotsika mtengo, ndipo mukhoza kuzigwira m'manja n'kuzitembenuza mpaka maso anu atazolowera mmene pulasitiki wa Kenner amaonekera.

Pali zidole zamitundu iwiri zimene zimasokoneza oyamba kumene. Mu 1995 Kenner, imene panthawiyo inali itakhala mbali ya kampani ya Hasbro kuyambira 1991, inayambanso kupanga zidole ndi dzina lomwe lija la Power of the Force, ndipo zimadziwika ndi matupi odzitukumula ngati a anthu onyamula zitsulo. Anthu ambiri anazigula n'kuzisunga osatsegula poganiza kuti zidzakwera mtengo ngati zakale, ndipo chifukwa cha zimenezo zosatsegulidwa n'zambiri moti mtengo wake sunakwere kwenikweni. Mtundu wachiwiri ndi Retro Collection, imene Hasbro inayamba kutulutsa mu 2019 potengera maonekedwe enieni a zidole za m'ma 1970 ndi 1980. Zimenezi si zachinyengo, chifukwa kampani imazilemba poyera kuti ndi zatsopano, koma zikachotsedwa m'paketi munthu wosadziwa akhoza kuzigula pa mtengo wa zakale.

Kuyang'ana chidole chenichenicho

Mukatenga chidole, choyamba chitembenuzeni n'kuyang'ana kumbuyo kwa miyendo, kumene kumakhala zilembo zing'onozing'ono zoumbidwa pamodzi ndi pulasitiki. Pa zidole zoyambirira pamalembedwa G.M.F.G.I. ndi chaka cha 1977, zilembo zoimira gawo la kampani ya General Mills limene linali mwini wa Kenner, ndipo pa zambiri za pambuyo pake pamalembedwa L.F.L., zilembo zoimira Lucasfilm, kampani imene inapanga mafilimuwa. Pafupi ndi pamenepo pamakhala dzina la dziko kumene chidolecho chinapangidwa, kawirikawiri Hong Kong, koma nthawi zina Taiwan, Macau kapena China, ndipo osonkhanitsa amafupikitsa chizindikiro chimenechi kuti COO. Chaka cholembedwacho ndi chaka cha umwini wa kapangidwe ka chidolecho, osati chaka chimene chinatuluka m'fakitale, moti Darth Vader wolembedwa 1977 akhoza kukhala kuti anapangidwa mu 1983. Musathamangirenso kunena kuti chidole n'chachinyengo chifukwa chakuti chilibe dzina la dziko, popeza pa zidole zambiri zimene zinagulitsidwa ku Ulaya dzinalo linafufutidwa m'chikombole, ndipo pamwendo pamatsala kachipsera kosalala kapena kotukuka pang'ono.

Kenako yesani mfundo zake. Zidole zambiri zimazungulira m'malo asanu, pakhosi, m'mapewa ndi m'chiuno, ngakhale kuti zina monga Chewbacca ndi Stormtrooper mutu wake suzungulira. Chidole chimene miyendo yake yakhwepa sichingaime chokha, ndipo mtengo wake uyenera kutsika. Yang'anani utoto pamalo amene amakhudzidwa kwambiri mwana akamasewera, monga pamphuno, patsitsi, m'manja ndi kunsonga kwa nsapato. Kusuluka pang'ono pamalo amenewa n'chizindikiro chabwino chakuti palibe amene anapakanso utoto, pamene chidole chimene mfundo zake n'zokhwepa koma tsitsi lake likuwala ngati latsopano chiyenera kukukayikitsani. Utoto wopaka pambuyo pake kawirikawiri umakhala wochindikala, umaonetsa mizere ya bulashi mukauyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu, ndipo nthawi zambiri umaoneka mosiyana ndi wa ku fakitale mukauunika ndi tochi ya kuwala kwa UV.

Mudzaonanso kuti chidole chimodzi chikhoza kukhala ndi maonekedwe angapo ngakhale chili chenicheni. Han Solo woyamba alipo wa mutu waung'ono ndi wa mutu waukulu, chifukwa Kenner inasintha mutuwo pofuna kuti ufanane kwambiri ndi nkhope ya Harrison Ford, amene anasewera Han Solo m'filimu, ndipo Luke woyamba alipo wa tsitsi lachikasu ndi wa tsitsi lofiirira. Kusiyana kumeneku kunabwera chifukwa chakuti mafakitale anali angapo ndipo iliyonse inali ndi zikombole ndi utoto wake. Komabe si kusiyana kulikonse kumene kunachokera ku fakitale. Pulasitiki akakalamba amasintha mtundu, moti miyendo ya Chewbacca imatha kusanduka yobiriwira pang'ono, ndipo pali ogulitsa amene amatcha kuwonongeka kotereku kuti ndi mtundu wosowa n'cholinga chokweza mtengo.

Tizida ting'onoting'ono ndiye pagona nkhani

Ana ankataya mfuti, ndodo, zipewa ndi mikanjo ya zidole zawo pasanapite masiku ambiri, choncho masiku ano zidole n'zambiri kuposa zida zake. Zotsatira zake n'zakuti kachida kochepa kuposa chikhadabo kamatha kukwera mtengo kuposa chidole chake, ndipo chitsanzo chodziwika ndi kamfuti ka Princess Leia. Kwa zaka zambiri anthu akhala akupanga zida zotengera zenizenizo, zimene pamsika zimatchedwa repro. Ena amazigulitsa moona mtima kwa anthu amene akungofuna kuti chidole chawo chioneke chokwanira pashelefu, koma kachidako kakadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu mbiri yake imatayika, ndipo wogulitsa womaliza akhoza kukhulupirira ndi mtima wonse kuti n'kenikeni. N'chifukwa chake osonkhanitsa ambiri akale amakana zida zotere kotheratu, ndipo ine ndikuona kuti maganizo awo ndi olondola, chifukwa chidole chopanda mfuti chimanena zoona za mmene chilili pamene chidole cha mfuti yonama chimasokoneza aliyense amene adzachilandire m'tsogolo.

Njira zoyesera zilipo zingapo, ndipo palibe imodzi imene ili yokwanira payokha. Yakale kwambiri ndi yoika kachidako m'madzi, popeza timfuti tambiri ta Kenner timayandama pamene zachinyengo zoyambirira zinkamira. Masiku ano opanga zachinyengo anaphunzira kugwiritsa ntchito pulasitiki woyandama, choncho kumira kumasonyeza kuti pali chokayikitsa koma kuyandama sikutsimikizira kanthu. Ena amagwetsera kachidako patebulo lolimba n'kumvetsera kulira kwake, chifukwa pulasitiki wouma kwambiri amalira mosiyana ndi wa Kenner, koma njira imeneyi imathandiza munthu yekhayo amene wamvapo kulira kwa zenizeni kambirimbiri. Njira yodalirika kuposa zonsezi ndi kuyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu n'kuyerekezera ndi zithunzi za zida zotsimikizika. Zida zenizeni zinaumbidwa m'zikombole zachitsulo za fakitale, ndipo zimakhala ndi tizizindikiro tozungulira pamalo amene zitsulo zokankhira zinazitulutsira m'chikombole, komanso kamzere ka pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Chida chotengera chimakhala ndi m'mphepete mosaoneka bwino, nthawi zina chimakhala ndi timabowo ta mpweya, ndipo china chimakhala chopakidwa utoto pamwamba pamene chenicheni chinaumbidwa ndi pulasitiki wa mtundu womwewo mpaka mkati. Timfuti tambiri tooneka takuda timaonetsa kabuluu kapena kobiriwira mukatiunika ndi tochi yowala kwambiri, ndipo kudziwa mtundu woyenera pa chidole chilichonse kumabwera ndi kuyerekezera kosalekeza.

Pogula pa intaneti, pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri za chida chilichonse, zojambulidwa pafupi ndiponso pamalo owala. Wogulitsa amene akuika chidole chake patali, mfuti ili m'manja mwake mobisika, kapena amene akulemba kuti sakudziwa ngati zidazo ndi zenizeni koma mtengo wake ndi wa zenizeni, muzimuona ngati akugulitsa chidole chopanda zida, ndipo mtengo umene mungapereke ukhale wa chidole chokhacho.

Zosowa zimene aliyense amazitchula

Pali zidole zochepa zimene mbiri yake inafala kwambiri, ndipo ndi zomwezo zimene achinyengo amazikonda. Jawa woyamba anatuluka ndi mkanjo wa pulasitiki wofewa, koma posakhalitsa Kenner inaika mkanjo wa nsalu poona kuti kachidoleko kanali kakang'ono ndipo kankaoneka kosayenera mtengo wake. Popeza mkanjo wa Ben Kenobi ndi wa pulasitiki wofanana nawo, anthu amaudula kuti ufupike n'kuuveka Jawa wamba. Luke, Darth Vader ndi Ben Kenobi oyambirira anali ndi lupanga lowala limene linkasololoka kawiri, choyamba kuchokera m'dzanja kenako kansonga kowonda kuchokera mkati mwa lupangalo, ndipo kapangidwe kameneka kanasiyidwa msanga. La Luke limapezekako, makamaka kuchokera m'mapaketi a Early Bird aja, koma la Vader ndi la Ben n'losowa kwambiri.

Snaggletooth wa zovala zabuluu ali ndi mbiri yosangalatsa. Opanga ku Kenner anali ndi chithunzi chimodzi chopanda mitundu chimene sichinkaonetsa thupi lonse, choncho anamupanga wamtali, wa zovala zabuluu ndi nsapato zasiliva, ndipo anagulitsidwa mu 1978 m'bokosi la masewera a Cantina, malo omwera mowa a m'filimu, la masitolo a Sears. Atazindikira kuti m'filimu ndi wamfupi ndiponso wa zovala zofiira, anamusintha. Wabuluuyo sanagulitsidwepo pa khadi lakelake, kutanthauza katoni imene chidole chimamatidwapo pogulitsidwa, choncho mukamuona ali pa khadi dziwani kuti wina anamumata pambuyo pake. Yak Face, mmodzi wa zidole 17 zomaliza, sanagulitsidwe m'masitolo a ku America koma anapezeka ku Canada, ku Ulaya ndi ku Australia. Zidole 17 zimenezo, kuphatikizapo Amanaman, EV-9D9 ndi Luke wovala zovala za Stormtrooper, n'zokwera mtengo chifukwa zinatuluka chidwi cha ana chitayamba kuzilala ndipo zinapangidwa zochepa.

Chotchuka kuposa zonse ndi Boba Fett woponya roketi. Kenner inamulengeza kuti adzatumizidwa pa positi mu 1979, koma mwana wina atamwalira chifukwa chotsamwa ndi kamzinga ka chidole cha kampani ina, roketiyo inamatidwa kuti isachoke, ndipo zimene zinatsala ndi zoyeserera za ku fakitale zokha. Mu 2024 chimodzi chinagulitsidwa pa okushoni ya Heritage Auctions pa madola 525,000 a ku America, ndipo patapita miyezi yochepa china chinagulitsidwa ku Goldin pa madola oposa 1.3 miliyoni. Anthu ambiri amene anali ana panthawiyo amakumbukira kuti anali ndi Boba Fett woponya roketi, koma palibe amene anamulandira pa positi, ndipo woyamba kumene sayenera kutaya nthawi ndi aliyense amene akumutsatsa pa mtengo wotsika.

Zidole zosatsegulidwa

Chidole chimene chikadali chomatidwa pa khadi lake la katoni, chimene amachifupikitsa kuti MOC, chimakwera mtengo kuwirikiza kambiri poyerekeza ndi chotsegulidwa, ndipo chimafuna kuphunzira kwina. Makhadi amawasiyanitsa powerenga zidole zimene zajambulidwa kumbuyo kwake, moti khadi la zithunzi 12 ndi loyambirira, ndipo otsatira ali ndi 20, 21, 31, 41, 65, 77 mpaka 92, kupatulapo ena a pakati. Chidole chomwecho chikhoza kukhala ndi mitengo yosiyana kwambiri malinga ndi khadi limene chili. Ogula amayang'ananso ngati kabowo kopachikira kanaboledwa kapena ayi, ngati khadi lili ndi makwinya, ngati pepala linang'ambika pamene panali sitika ya mtengo, ndiponso ngati chotsekera cha pulasitiki woonekera mkati chinasweka kapena chinasanduka chachikasu, zimene zimachitika kwambiri pa makhadi a Return of the Jedi ndi Power of the Force. Makhadi ambiri a zidole zotsegulidwa ali ndi malo odulidwa, chifukwa ana ankadula kachizindikiro kosonyeza kuti agula n'kukatumiza ku Kenner kuti alandire zidole zaulere monga Bossk, Admiral Ackbar ndi Emperor.

Chinyengo pano chimachitika m'njira ziwiri. Ena amasindikiza khadi latsopano, ndipo limeneli limadziwika mukaliyang'ana ndi galasi, chifukwa timadontho ta inki ya makina a masiku ano timasiyana ndi ta makina osindikizira akale, komanso katoni wake amasiyana kuchindikala ndi mtundu wa m'mphepete. Ena amatenga khadi lenileni limene linatsegulidwa n'kumatanso chotsekeracho ndi guluu, choncho muyenera kuyang'anitsitsa m'mphepete monse mwa chotsekeracho ngati muli guluu wotuluka, pepala long'ambika pansi pake, kapena utoto wopakidwa pobisa pong'ambika. Nkhani imene inagwedeza osonkhanitsa ku Ulaya inali yovuta kuposa zimenezi, pakuti kunadziwika kuti makhadi enieni ndi zotsekera zenizeni zimene zinatsala fakitale ya Palitoy itasiya kupanga zinamatidwa pamodzi patapita zaka n'kugulitsidwa ngati zochokera ku fakitale, ndipo zina zinali zitavomerezedwa kale ndi akatswiri oyesa. Pa chifukwa chimenechi, ndi bwino kudikira mpaka mutazolowera zidole zotsegulidwa musanagule chosatsegulidwa chokwera mtengo.

Mtengo, msika ndi makampani oyesa

Mtengo weniweni wa chidole ndi umene anthu alipira posachedwapa, osati umene wogulitsa walemba. Pa msika wa pa intaneti wa eBay mukhoza kusankha kuona zinthu zimene zagulitsidwa kale, ndipo mukayerekezera malonda angapo a chidole chofanana, cha zida zofanana ndiponso chosungika mofanana, mudzadziwa malire oyenera. Powerengera musaiwale ndalama zotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu ngati chikuchokera kunja kwa dziko limene muli. Lipirani m'njira imene imateteza wogula, ndipo pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, musavomere kutumiza ndalama ngati mphatso kwa munthu amene simukumudziwa, chifukwa mukatero simungadandaule katundu akapanda kufika. Kugula mulu wa zidole za munthu amene akugulitsa zoseweretsa za ubwana wake nthawi zambiri kumakhala kopindulitsa, popeza zida za mumulu wotere kawirikawiri zimakhala zenizeni, ngakhale kuti mawu akuti katundu ndi wa ubwana amalembedwanso ndi anthu amene anasonkhanitsa muluwo dzulo.

Pali makampani monga AFA ndi CAS a ku America ndi UKG ya ku Britain amene amayesa chidole, n'kuchipatsa nambala yosapitirira 100, kenako n'kuchitsekera m'bokosi la pulasitiki wolimba. Nambala ya 85 imasonyeza chidole chosungika bwino kwambiri, ndipo pa chosatsegulidwa amapereka manambala osiyana a khadi, chotsekera ndi chidole. Kutumiza chidole ku makampaniwa kuti akachiyese kumathandiza pa chinthu chosowa ndi chokwera mtengo, koma pa chidole wamba ndalama zoyesetsera ndi zotumizira zikhoza kuposa mtengo wa chidolecho, ndiponso mukachitsekera simudzachigwiranso m'manja. Yang'anani chidole chimene chili m'bokosimo ndi maso anu musanakhulupirire nambala yake, chifukwa pulasitiki amapitiriza kukalamba ngakhale ali m'bokosi.

Kutsuka ndi kusunga

Zidolezi zinapangidwa ndi mitundu iwiri ya pulasitiki, wolimba wa pathupi ndi wofewa wa mikono, miyendo ndi mutu, ndipo mtundu uliwonse umakalamba mwa njira yake. Wolimbayo amasanduka wachikasu akamawombedwa ndi dzuwa kapena kutentha, zimene zimaonekera kwambiri pa Stormtrooper ndi Princess Leia. Wofewayo amatulutsa pang'onopang'ono mankhwala amene anamufewetsa, ndipo chidole chimayamba kunanda kapena kuchita timadontho toyera ngati nkhungu. Potsuka gwiritsani ntchito madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa mphamvu ndi mswachi wofewa, kenako chiumitseni bwino pamthunzi chifukwa madzi amalowa m'thupi lake lamphako. Musagwiritse ntchito mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo kapena spiriti, pakuti amasungunula utoto ndi pulasitiki yemwe. R2-D2 musamuviike m'madzi chifukwa thupi lake linakutidwa ndi sitika ya pepala, ndipo C-3PO musamukweche chifukwa kuwala kwake kwagolide ndi kopyapyala kwambiri.

Pali njira yoyeretsera pulasitiki wachikasu poika chidole m'mankhwala amadzi otchedwa hydrogen peroxide n'kuchiyanika padzuwa. Imagwiradi ntchito kwa kanthawi, koma chikasucho chimabwereranso, utoto wina umasuluka, ndipo osonkhanitsa ambiri amaona chidole chotere ngati chosinthidwa. Ngati mwachita zimenezi pa chidole chanu, muyenera kumuuza aliyense amene adzachigule.

Malo osungira akhale ozizira bwino, ouma ndiponso osafikako dzuwa, choncho pawindo ndi kudenga kumene kumatentha si malo oyenera. Kabati ya magalasi imateteza ku fumbi, ndipo ngati mukufuna kuunikira mkati gwiritsani ntchito mababu a LED amene satentha. Kunsi kwa mapazi a zidole zambiri kuli timabowo toimikira, koma timabowo ta zidole zakale ndi tosiyana kukula ndi ta zidole za masiku ano, motero gulani zoimikira zopangidwira zakale ndipo musakakamize phazi pa kachitsa kosayenera. Zimene simukuzionetsa muziike chilichonse m'kathumba kake, zida zake zili m'kathumba kena kolembedwa dzina, chifukwa pulasitiki wofewa akakhudzana ndi wolimba kwa zaka amasiya chipsera ngati chosungunuka. Musamange mfuti kudzanja ndi mphira wamba, amene amaola n'kumatirira. Ngati mwagula ndege monga X-wing, Millennium Falcon kapena chilombo chachitsulo cha AT-AT, tsegulani malo a mabatire nthawi yomweyo n'kuchotsa akale, popeza madzi otuluka m'mabatire amadya tizitsulo ta mkati, ndipo sungani bokosi, makatoni a mkati ndi pepala la malangizo chifukwa zonsezi zimawerengedwa pa mtengo.

Pomaliza pa ntchito ya chidole chilichonse, lembani m'kabuku kapena pa kompyuta tsiku limene munachigula, kumene chinachokera, ndalama zimene munalipira, chizindikiro cha pamwendo ndi zida zimene chinabwera nazo, ndipo jambulani zithunzi za kutsogolo, kumbuyo ndi za chida chilichonse. Ngati pali chida chimene simunachitsimikizire, chisungeni padera ndipo lembani pa kathumba kake kuti n'chokayikitsa mpaka mutapeza chotsimikizika chochiyerekezera nacho.